Miyala ya ku Lengwe, ya ku Tete ndi ya ku Cape

Mwana wa Fomu 3 kuno ku Ngabu anandibweretsera chigoba chomwe anatola m'mbali mwa Shire, akuti ndi brachiopod ya pachithunzi chija ndinawaonetsa m'kalasi. Chinali chikununkhabe matope, cha dzana dzanali. Ndinamuuza zoona kuti si brachiopod, koma mtima unandiwawa kuti ndinalibe mwala weniweni woti ndimugwiritse.

Brachiopod ndi kachilombo ka m'nyanja yamchere, ka zigoba ziwiri zosalingana ngati mphika ndi chivundikiro chake. Tinali mbwee pansi pa nyanja mpaka zaka 252 miliyoni zapitazo, pamene tambiri tinatheratu. Ukakapeza mumwala, dziwa kuti pamenepo panali nyanja.

Anzathu a ku South Africa ali nato tambirimbiri m'miyala ya Bokkeveld ku Cape, ya zaka pafupifupi 400 miliyoni. Mitundu yomweyo imapezekanso ku Bolivia ndi kuzilumba za Falkland, komwe Charles Darwin anatola tina mu 1833, umboni woti maiko amenewa anali ogundana kale. Chimene chimandikhudza ndi lamulo lawo la 1999: chotsalira chilichonse chotere ndi cha dziko, sungachizule popanda chilolezo, ndipo pomanga msewu kapena kutsegula mgodi pamalo odziwika, katswiri amayamba waona miyalayo. Zimachedwetsa ntchito, inde, koma ine ndikuti akuchita bwino.

Kwathu kuno miyala ya ku Lengwe ndi ku Mwabvi ndi ya gulu lotchedwa Karoo, yochokera ku mchenga wa mitsinje ndi matope a madambo, n'chifukwa chake ili ndi malasha osati tizigoba ta m'nyanja. Ndi abale ake a miyala ya ku Moatize ku Tete, kungoti malire anadutsa pakati. A ku Mozambique amakumba malasha kotiposa kutalitali, koma miyala yawo amaifufuzanso. Mu 2013 akatswiri analengeza za kanyama kakale kopezeka ku Niassa, n'kukatcha Niassodon mfumukasi. Tamvani dzinalo, Chinyanja chathu chomwechi chalowa m'mabuku a sayansi kudzera kutsidya! Ku Gorongosa nako ophunzira a dziko lomwelo amakumba limodzi ndi akatswiri ochokera kunja.

Sikuti ife tilibe kanthu. Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur, waima m'nyumba yosungira zakale ku Karonga, lamulo loteteza zakale lilipo, ofufuza miyala ali ku Zomba. Koma mwana wa ku Nsanje angafike liti ku Karonga, ulendo wa tsiku lathunthu ndi usiku? Kuno mwala timauona ngati wa maziko a nyumba basi.

Pano ngalande yaikulu yothirira ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, nthaka yatseguka mtunda wautali. Ndikulakalaka ana anga ataloledwa tsiku limodzi kukaima pamene padulidwa, katswiri wa ku Zomba atanyamula kahamala, n'kuwasonyeza mmene mchenga ndi dongo zinasanjikizirana simenti isanaphimbe.