Lendi ya ku Area 47, Chalala ndi ku Joni: wochita lendi akadandaule kuti?

Kusaka nyumba ku Lilongwe masiku ano kukutopetsa abale. Umaona chithunzi pa Facebook, zipinda zitatu, mpanda wa njerwa, Area 47 Sector 3, ukangoimba foni dobadoba akuti tumizani kaye ya kaonedwe ndiye tikutengereni, ukafika nyumba ija ndi ina, siling'i yothimbirira ndi mvula, mpopi wa kubafa womangidwa ndi mphira, koma landilodi sakusuntha, akufuna miyezi itatu pakamodzi kuphatikizanso dipoziti. Ndipo chiyambireni kwacha kugwa ndi 44% mu November 2023 lendi ikungokwera, ku Area 10 ndi Area 43 ena amachita kuwerengera mu dola poti akudikira ma NGO ndi anthu a ku ma embassy.

Ku Lusaka madobadoba aliponso ndipo nawonso amadya, ambiri amafuna theka la lendi ya mwezi woyamba. Koma tayang'anani zimene amatamira nyumba ku Chalala, Ibex Hill kapena Woodlands, choyamba ndi mjigo wakewake ndi thanki, kenako sola. Chalala yakula mwachangu kuposa mapaipi, anthu ambiri anakumba okha madzi pa puloti pomweponso pali septiki thanki, ndipo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi a ZESCO ankazima pafupifupi tsiku lonse, pampu osagwira, ndiye nyumba ya matailosi onyezimira koma mkati mwadzaza zigubu. Ife timadandaula ndi ESCOM koma chaka chimenecho anzathuwa anaona zakuda kutiposa.

Chomwe ndimawasirira a ku Zambia ndi china. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa anthu omwe ankakhalamo, motchipa zedi, ena amati zinali ndale za chisankho ndipo mwina ndi zoona, koma pitani ku Libala, Chilenje ndi Kabwata mukaone, ana a ma kalaliki ndi aphunzitsi ali ndi nyumba mkati mwa tauni, anamanganso tinyumba kuseri akudyerapo lendi. Kwathu Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964, nyumba zake za ku Area 18, Nkolokosa ndi Chinyonga aliyense amazifuna chifukwa lendi yake ndi yofewa, koma nzochepa ndipo wolowamo satuluka. Kugula kudzera ku banki ndiye iwalani, mu 2024 Reserve Bank inaika policy rate, chiwongola dzanja chomwe imabwereketsera ndalama mabanki, pa 26%, ngongole ya nyumba pamenepo angabweze ndani? Nchifukwa chake tonse tikuthamangira mapuloti ku Area 49, Area 25 ndi njira ya ku Airwing, kumanga pang'onopang'ono, chaka chino fawundeshoni chaka chamawa pa windo.

Ku Mozambique malo onse ndi a boma, sagulitsidwa, munthu amangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito chotchedwa DUAT, ndiye amene mukufuna kugula ku Tete dziwani kuti mukugula nyumbayo osati dothi. Kumenekonso lendi inalusa mgodi waukulu wa malasha ku Moatize utatsegulidwa mu 2011.

Tsopano ku Joni, apa ndiye pondikhudza kwambiri. South Africa ili ndi Rental Housing Act ya 1999 ndipo lamuloli limanena zinthu zomwe kuno zingamveke ngati nthano. Dipoziti yako landilodi sangakagulire simenti, amayenera kuisunga ku akaunti yobereka chiwongola dzanja ndipo chiwongola dzanjacho ndi chako. Usanalowe mumayendera limodzi nyumba yonse kulemba chilichonse chowonongeka, potuluka mumayenderanso, ngati palibe chomwe waononga ndalama ibwere pasanathe masiku 7, ngati akonza kanthu akuonetse malisiti yotsalayo akupatse m'masiku 14. Landilodi akavuta umapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya lendi, chigawo chilichonse chili nayo, sulipira kanthu, susowa loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Palinso lamulo la 1998 loletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti. Kuno ndi angati tinamvapo kuti landilodi wazula chitseko kapena wachotsa malata chifukwa munthu wachedwa ndi sabata ziwiri? Ndipo dipoziti, nenani zoona, inu inabwerapo yonse? Yankho limakhala lomwe lija, tapentera.

Komatu chitetezo cha ku Joni sichifikira aliyense. Kuti ejenti akupatse flat ku Randburg kapena Midrand amafuna pemiti, payslip, ma statement a ku banki a miyezi itatu, ndipo abale athu ambiri alibe zimenezi, amathera m'tizipinda ta kuseri ku Rosettenville ndi Turffontein, anthu anayi chipinda chimodzi chogawa ndi katani, kapena m'nyumba zolandidwa za m'tauni komwe lendi amatolera ndi zigawenga. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, pakati pawo Amalawi ambiri, ndipo munthu woopa kugwidwa chifukwa cha mapepala sangakaime ku tribunal. Pamenepa landilodi wa kwathu ali ndi ubwino wake, safunsa payslip, ukamuuza kuti bambo kwagwa maliro kumudzi ndipirireni mpaka pa 15 ambiri amamva. Vuto ndi loti zonse zimadalira mtima wake tsiku limenelo.

Ine ndikuona kuti makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba angathe kukhala ndi ofesi yaulere yomva milandu ya lendi, ndipo aphungu athu apange lamulo loti dipoziti isungidwe pati, ibwezedwe liti, lendi ikwezedwe ndi notisi ya miyezi ingati, komanso madobadoba alembetsedwe kuti wodya ya kaonedwe nkuzimitsa foni azipezeka. Podikira zimenezo inu amene mukulowa nyumba mwezi uno jambulani chipinda chilichonse musanalowetse katundu, mita ya madzi ndi mayunitsi omwe mwapeza, mumutumizire landilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo ndalama musapereke pamanja popanda lisiti ngakhale akhale mkulu wa mpingo wanu.