Msonkho tikukhoma, madzi ali kuti?

Lero ndakwiya, ndisakunamizeni. M'mawa ndadzuka 4 koloko kukaima pamzere kumjigo kuno ku Glen View mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, zigubu ziwiri m'manja, chifukwa mpopi wa kunyumba unaiwala kale ntchito yake. Ndili pamzerepo ndatumizira achemwali anga a ku Epworth madola 20 a mankhwala pa foni, meseji n'kubwera kuti andidula msonkho. Ndadandaula mokweza. Amalume ena amene anali patsogolo panga atembenuka n'kunena kuti, "Mphwanga, dziko siliyenda popanda msonkho, musamatukwane boma." Amalume! Mukunena zimenezi mutanyamula chigubu ngati ine?

Msonkho sindikukana. Ndikufunsa kuti ukupita kuti. Uja wa 2 peresenti wodula tikamatumizirana ndalama anaubweretsa nduna ya zachuma a Mthuli Ncube mu Okutobala 2018, mpaka lero sunachoke. Ukagula sopo m'sitolo, VAT ilimo kale. Chakumwa chotsekemera nachonso anachiikira wake mu 2024. Amakama uku, kukama uko, kukama ndi pakati pomwe, ng'ombe yake osaiponyera ngakhale udzu. Tikukhoma, madzi kulibe. Tikukhoma, zinyalala zaunjikana pamphambano mpaka agalu atopa nazo. Tikukhoma, kukiliniki amakulembera kapepala kuti ukagule wekha mankhwala. Kolera ya 2018 inayambira konkuno ku Glen View ndi Budiriro, sitinaiwale maliro aja.

Ena amati ndi zilango za mayiko akunja, ena amati ndi khonsolo osati boma. Zimenezo kakanganeni nokha, ine chigubu changa chikadali chopanda kanthu.

Chimene ndikuona n'chakuti boma lanenepa mopitirira muyeso. Aphungu 280, maseneta a nyumba yachiwiri ya malamulo 80, onse pamodzi 360, m'dziko la anthu 15 miliyoni. Aliyense galimoto, aliyense mafuta, aliyense alawansi. Nduna, wachiwiri kwa nduna, kenako nduna ya chigawo chilichonse. Ku Malawi kwa agogo athu anthu ndi ochuluka kuposa kuno koma nyumba ya malamulo ndi imodzi basi (ngakhale nawonso sindikuwayamika, mudziwa nokha). Ndiye munthu wogulitsa tomato kumsika wa Mbare Musika azidyetsa khamu lonseli? Achepetse mipando kaye asanabwerenso m'thumba mwanga. Akadandaula kuti tikuwanena, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndiye pali iyi ya layisensi ya wailesi. Mu 2025 anati uzilipira madola 92 pachaka usanadule inshuwalansi ya galimoto, kaya umamvera wailesi ya boma ya ZBC kaya sumvera. Alamu anga ali ndi kagalimoto kakale kamene wailesi yake inafa kalekale, pamalo pake pangotsala dzenje lomwe amasungiramo malisiti. Nawonso akuti alipire, kapena akayime pamzere wina kukapempha kalata yotsimikiza kuti dzenjelo siliyimba.