Akukangana ku The Hague, ife tikulira feteleza ku Salima

Zikomo alembi potifotokozera za msonkhano wa NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America, wa ku The Hague m'dziko la Netherlands mu 2025, komwe anagwirizana kuti pofika 2035 dziko lililonse la mu mgwirizanowu lizigwiritsa 5 peresenti ya chuma chake pa zachitetezo. Koma pomwe mukuti zida za nyukiliya ndizo zasunga mtendere chifukwa aliyense amaopa kuyamba, ine ndakana ndithu. Mtendere wanji wokhalira kulozana mfuti? Russia inaimitsa pangano la New START, lomwe inagwirizana ndi America lochepetsa zida za nyukiliya, mu February 2023, n'kupititsanso zida zina ku Belarus. Akazembe akungothamangitsana. Anthu osalankhulana amalakwitsa msanga, ndipo lomwe linawononga mzinda wa Hiroshima ku Japan mu 1945 linali bomba limodzi lokha.

Ena pano akuti izi n'za azungu, sizitikhudza. Abale anga, ine ndimalima ku Khombedza kuno ku Salima. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa feteleza unatipweteka mpaka ndinachepetsa munda wa chimanga. Mayi anga okalamba sadziwa komwe kuli Kyiv, likulu la Ukraine, koma nkhokwe yawo inawauza. Mpaka dziko lathu kulandira matani 20,000 a feteleza ochokera ku Russia mu 2023, mphatso yomwe inabwera ili ndi ndale zake.

Chimandilimbitsa mtima n'choti South Africa inapanga mabomba a nyukiliya n'kuwaphwasula yokha, ndipo Africa ili ndi pangano la Pelindaba la 1996 lokana zidazi. Atsogoleri athu akapita ku United Nations azilankhula zimenezi mokweza, asamangopempha thandizo ayi.