Galimoto ya dizilo yochenjeza m'Chijapani

Chimene chikundipweteka mtima pa galimoto ya dizilo yogwiritsidwapo kale ntchito imene ndagula kuchokera ku Japan n'chakuti buku la malangizo ndiponso machenjezo a pa dashibodi zili m'Chijapani, ndipo wogulitsa sanandifotokozere kalikonse. Magiya sakundivuta, poti imasintha yokha. Nkhani yagona pa kanyali kochenjeza za DPF, sefa imene imagwira mwaye wa mu utsi. Sefayi imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo aafupi a m'tauni, chifukwa mwayewo umapsa pokhapokha injini ikatentha mokwanira pa ulendo wautali, ndipo kugula sefa ina n'kokwera mtengo zedi. Kodi n'chilungamo kumubisira wogula nkhani yaikulu chonchi? Nayonso wailesi ya galimotoyi imalekezera pa 90 MHz, moti masiteshoni ambiri a kuno sindiwamva.