Kunyanyala kwa tsiku limodzi n'kudzinamiza, anthuni

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Sabata ino m'magulu a WhatsApp mwakhala mukuzungulira uthenga wakuti Lachisanu pasapezeke munthu womwetsa mafuta m'galimoto, ati tionetse kuti tatopa ndi mitengo. M'gulu la kudera kwathu amene anauponya ndi bambo wina wolemekezeka ndithu, nawonjezera kuti "tigwirane manja a Malawi." Lachinayi madzulo ndikuweruka kuntchito ndinawapeza bambo omwewo pamzere pamalo omwetsera mafuta, akuuza mnyamata wa papampu kuti adzaze thanki mpaka pakamwa. Nditawafunsa kuti nanga bambo zija munalemba zija zili pati, anandiyankha maso ali gwa: "Ndikukonzekeratu, mawa sitigula."

Mawa sitigula! Ndiye mwanyanyala chiyani pamenepa? Mafuta amene mukanagula Lachisanu mwagula Lachinayi. Ndalama yomweyo yalowa m'thumba lomwelo, kungoti yafulumira ndi tsiku limodzi. Anzanu amene sanamwetse Lachinayi adzamwetsa Loweruka m'mawa. Mwini siteshoni akamadzawerengera za sabata yonse adzapeza malita omwewo, osachotsera ngakhale dontho. Palibe amene mwamugwedeza. Mwangosuntha tsiku logulira basi, kenako n'kumadziguguda pachifuwa kuti mwamenya nkhondo.

Izitu si zachilendo. Ku America mauthenga otere akhala akuyenda pa intaneti kwa zaka zambiri. Wina unauza anthu kuti asagule petulo pa 15 Meyi 2007, ndipo unafalikira dziko lonselo. Mtengo sunatsike. Sukanatsika, chifukwa galimoto zinayendabe tsiku limenelo, zikutentha mafuta amene zinamwa dzulo lake. Bola injini ikulira, mafuta akutha, ndipo akatha mubwerera papampu, mufune musafune.

Kuno kwathu ndiye kudzinamizako n'kowirikiza. Mtengo wa petulo saika ndi mnyamata wa papampu, saikanso ndi mwini siteshoni. Umalengezedwa ndi MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo ndi umodzimodzi pa siteshoni iliyonse, kaya ku Limbe, ku Area 18 kapena ku Mzuzu. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, lita ya petulo inachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Mu Okutobala 2025 inafika pa K3,499. Zifukwa zake tonse timaziimba: ndalama zakunja kulibe, mafuta amayenda mtunda wautali kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndiye pamwamba pake pali misonkho ya misewu ndi ya magetsi akumidzi. Chabwino. Tsono ndiuzeni, pa zonsezi n'chiti chimene chingasinthe chifukwa galimoto yanu yagona ndi thanki yodzaza Lachisanu? Ena akuti tisale kampani imodzi yokha kuti itsitse mtengo pofuna kutikopa. Itsitsa bwanji mtengo umene sinaike yokha? Ndipo m'masiku amene mafuta akusowa, anthu n'kumagona pamzere usiku wonse, inu mukachoka pamzerepo amene ali kumbuyo kwanu amangothokoza Mulungu n'kusendera kutsogolo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tikhale chete. Mtengowu ukutipha tonse, chifukwa mafuta akakwera ufa umakwera, sopo amakwera, ngakhale tomato wa pamsika amakwera. Chimene ndikukana ndi kunyanyala kosapweteka. Kunyanyala kumene wonyanyalayo sakumva kuwawa kulikonse, dziwani kuti amene akunyanyalidwayo sakumvanso kanthu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife tikufuna mvula, koma nsapato zathu zisadetsedwe.

Taonani zimene anachita anthu a ku Alexandra, ku Johannesburg konkuja kumene abale athu ambiri amapita kukasaka maganyu. Mu Januwale 1957 kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo kuchoka pa mapeni 4 kufika pa mapeni 5. Peni imodzi yokha! Anthu anakana kukwera. Sanakane tsiku limodzi ayi. Anayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito m'tawuni, madzulo n'kubwereranso wapansi, kwa miyezi pafupifupi itatu. Amayi, madoda, okalamba, kudzuka kusanache, mvula ikuwanyowetsa, apolisi a boma la tsankho akuwaimitsa m'njira kuwafunsa ziphaso, akuvutitsanso aliyense amene wayesa kuwanyamula pagalimoto. Mabasi ankayenda opanda anthu. Mapeto ake mtengo unabwerera pa mapeni 4, ndipo peni yotsalayo anakakamizika kuisenza ndi mabwana a makampani. Ku Montgomery ku America nakonso, anthu akuda atakana kukwera mabasi a tsankho mu Disembala 1955, anapirira masiku 381. Anthu amenewa sanasunthe tsiku lokwerera basi. Anasiyiratu kukwera, mapazi n'kuchita matuza, ndipo eni mabasi anaona ndi maso awo ndalama zikuuma.

Ndiye ife tikubwera ndi tsiku limodzi, thanki ili tho, n'kumati tikuchita zofanana ndi iwowa? Ayi, tisawanyoze anthu amene anavutika zenizeni.

Ngati tikufunadi kuti mafuta amve kuti takwiya, malita amene timatentha achepe, ndipo achepe kwa nthawi yaitali. Pamsewu wa Chipembere m'mawa uliwonse, kapena pa M1 polowa mu Lilongwe, werengani galimoto zimene muli munthu mmodzi yekha. Anthu okhala mpanda umodzi, ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana, aliyense akuliza yake. Bwanji osakwera imodzi anthu anayi, sabata ino ya uyu, sabata ya mawa ya winayo? Ulendo wa kugolosale pafupi pomwepa, bwanji osayenda wapansi? Zimenezi n'zotopetsa, zimafuna kudikirana, zimafuna kudzichepetsa, n'chifukwa chake sitizifuna. Kuponya uthenga pafoni n'kosavuta. Ndipo ngakhale kuchepetsako sikungatsitse mtengo wa MERA mawa lino, ndalama yotsala m'thumba mwanu ndi yeniyeni, mzere papampu ungafupike ndithu, ndipo dola imene dziko likanagulira malita amenewo ingagule mankhwala. Za misonkho ya pa lita iliyonse, amene ayenera kumva mkwiyo wathu ndi boma ndi aphungu athu, ndipo amamva anthu akasonkhana n'kulankhula poyera mosalekeza, monga bungwe loimira anthu ogula la CAMA linachitira mu Januwale 2013 potsogolera anthu kumsewu pa nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu. Phungu sadziwa n'komwe kuti galimoto yanu sinamwe Lachisanu.

Koma pali malo amodzi amene kunyanyala kungalume msanga, ndipo pamenepa ndi pamene mtima wanga ukuwawa kwambiri. Mafuta a m'zigubu. Mavenda amene amaima m'mbali mwa msewu ndi mabotolo, nthawi zina moyang'anizana ndi siteshoni imene yangolengeza kuti mafuta atha. Mtengo wa amenewa suchokera ku MERA. Amauika okha, kawiri kapena katatu kuposa wa papampu, ndipo amauika poona nkhope zathu kuti tigula basi. Venda alibe nkhokwe, alibe banki yomubwereka ndalama. Ndalama yake yonse ili m'chigubumo. Atakhala nacho milungu iwiri popanda wogula, angatsitse yekha, ndipo amene amamugulitsa mobera usiku angasowe msika. Apa ndiye mphamvu ili m'manja mwathu zenizeni. Koma ndani amagula mafuta a m'zigubu? Ndife tomwe! Ife tomwe olemba mauthenga a kunyanyala. Timatukwana mavenda pa Facebook masana, madzulo tikuimika galimoto pakona, kutsitsa galasi n'kumanong'ona kuti "aise, malita asanu ndi zingati?" Tikatero timati nanga nditani, ndili ndi ulendo wofunika. Aliyense ali ndi ulendo wofunika. Anthu a ku Alexandra aja analinso ndi maulendo ofunika, akanatha kuchotsedwa ntchito akachedwa, koma sanakwere.

Ndiye musanditumizirenso uthenga wa tsiku limodzi. Ndikauona ndiufufuta. Mukafuna kuti ndilowe nawo, bwerani ndi mawu akuti kwa miyezi itatu m'dera lathu lino palibe wogula mafuta a m'chigubu, ndipo amene galimoto yake yauma timunyamula ife. Pamenepo ndidzakhala woyamba kulembetsa dzina. Koma zoti tidzaze Lachinayi kuti tinyanyale Lachisanu, zimenezo kachiteni nokha.

Ndipo poti ndayamba kale, za maminibasi nazo zikundinyansa. Mafuta akakwera pang'ono, m'mawa mwake kondakitala wawirikiza mtengo, osawerengera n'komwe kuti pa munthu mmodzi pawonjezekera zingati. Mafuta akasowa akuti tagula kwa mavenda, lipirani. Mafuta akapezeka mtengo uja subwereranso pansi. Mvula ikagwa akweza, dzuwa likalowa akweza, akakuonani mwanyamula katundu akweza. A kabaza nawonso atengera pomwepo. Ndipo pampando wa anthu atatu akutipanikiza anayi, wachisanu atakhala pa injini. Ife pasiteji timang'ung'udza, wina n'kunena kuti tisakwere, tidikire ina. Minibasi ikangoima, yemwe uja amati tisakwereyu ndiye woyamba kulumphira pampando wa kutsogolo, enafe n'kumakankhana pakhomo, ndalama ili kale m'manja.