Chenjezo kwa inu onyamula makolo okalamba pa maulendo ataliatali

Inu ana athu a ku Salima ndi ku Nkhotakota amene muli ndi galimoto kapena ndalama ya hayala, tamverani kuno. Zimene zikuchitika pa msewu wa M5 ndi wa M14 sizikutisangalatsa. Munthu akufika kumudzi mbandakucha, injini osazimitsa, hutala ili pakamwa: "Amayi, fulumirani, tichedwa!" Mayi wa zaka za m'ma 70 akulowetsedwa kumbuyo, pakati pa thumba la mpunga ndi dengu la usipa, kenako galimoto iyo mpaka ku Lilongwe osaima. Pofika uko miyendo yatupa, mutu ukuzungulira, mayi sakuzindikira bwino pamene ali, inu n'kumati ndi ukalamba. Si ukalamba umenewo. N'kusasamala kwanu.

Chimene mukuiwala n'chakuti munthu wamkulu sanena. Mayi amene wakwera galimoto yoyendetsa mkamwini wake sangatsegule pakamwa kuti akufuna kukataya madzi. Bambo sanganene zimenezo pamaso pa mpongozi kapena adzukulu. Ndiye amatani? Amasiya kumwa madzi kuyambira dzulo lake madzulo. M'mawa tiyi amakana, ati akhuta. Mukawapatsa botolo amangonyowetsa milomo, inu n'kumakondwa kuti agogo savuta pa ulendo. Komatu kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, ndipo wokalamba samva ludzu msanga ngati mnyamata. Thupi limauma iye osadandaula. Mudzaona pakamwa pouma, mkodzo wochepa ndi wofiirira, chizungulire poimirira, tulo tosadziwika bwino, mwinanso kuyankhula zosalunjika. Kwa abambo okalamba pali vuto lina. Ambiri njira ya mkodzo inachepa kale chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo kusunga mkodzo maola ambiri kungachititse kuti utsekeke n'kukanikiratu kutuluka. M'munsi mwa mimba mumatupa, ululu wake ndi wosapiririka, ndipo mapeto ake ndi kuchipatala kukaikidwa paipi.

Choncho musamafunse kuti "Mukufuna kutsika?" Yankho lake lidzakhala "Ayi, tiyeni," ngakhale zinthu zitafika pothina. Imani nokha pakatha ola limodzi ndi theka, kapena maola awiri mukachulutsa, n'kunena kuti tonse titsike tiwongole miyendo. Ngati mwanyamula mayi, pakhale mkazi mnzawo wowaperekeza, mwana wamkazi kapena mdzukulu, amuna apite mbali ina ndipo atalikire ndithu. M'galimoto mukhale chitenje chapadera chotchingira, kachidebe ka chivindikiro, pepala la kuchimbudzi, sopo ndi chigubu cha malita 5 cha madzi osamba m'manja. Zovala zosinthira ziikidwe pamwamba pa chikwama, osati pansi pa matumba a ufa. Zimbudzi zambiri zapanjira ndi zonjuta, ndipo mawondo a nkhalamba akapindika savomera kuwongoka okha, ndiye pakhale wowagwira dzanja. Mukawatsimikizira kuti muziima pafupipafupi, madzi adzamwa. Apatseni kapu imodzi pa ola lililonse, pang'onopang'ono, kupatula okhawo amene dokotala anawaikira malire chifukwa cha mtima kapena impso.

Malo oima muwadziwiretu musananyamuke. Kuchoka pa boma la Nkhotakota kupita ku Lilongwe kudzera mbali ya Salima ndi makilomita pafupifupi 200. Mungathe kuima pa Benga, kenako pa Kaphatenga, n'kudzaimanso pa Mvera kapena pa Chezi mukakwera zitunda. Opita ku Blantyre kuchokera ku Salima, umenewo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, ndipo Golomoti ndi Balaka musazidutse ngati simukuziona. Odzera msewu wa ku Kasungu, M18, kumbukirani kuti umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, mmene munasamutsidwira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Simungatsitsiremo agogo kuti akadzithandize patchire. Zonse zithere kunja musanalowe.

Kuima kumeneku si kwa chimbudzi chokha. Munthu akakhala maola ambiri mawondo ali chipindire, magazi m'misempha ya m'miyendo amayenda mwaulesi ndipo angathe kuundana. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization ananena mu 2007 kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akayenda ulendo wa maola 4 kapena kuposa ali chikhalire. Okalamba, onenepa, odwala khansa ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwapa ndiwo ali pangozi kwambiri. Nanga inu mukaika katoni pamapazi pawo kuti asathe n'kusuntha komwe, mukuganiza chiyani? Pamapazi pakhale popanda kanthu. Ali m'galimoto momwemo azikweza ndi kutsitsa zala za kumapazi, chidendene chili pansi, kakhumi kapena kupitirira, mobwerezabwereza. Mukaima ayende mphindi 5 mpaka 10. Kutupa pang'ono kwa mapazi onse awiri kumachitika ndipo kumatha akagona miyendo itakwezedwa pa pilo. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, n'kumawawa kuseri kwa msongolo, kukhudza kuli kotentha, musausisite, musauthowe ndi madzi otentha, musatemere mphini. Pitani kuchipatala. Akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kubaya m'chifuwa, ndiye kuti nthawi yatha kale, thamangani.

Tsopano za mankhwala, pamene ambiri mukulakwitsa mochititsa manyazi. Mapiritsi onse mumawakhuthulira m'kajumbo kamodzi, oyera ndi achikasu pamodzi, n'kuponya m'buti. Akadwala panjira, dokotala adzadziwa bwanji chimene akumwa? Mankhwala akhale m'timapepala take momwe analembamo dzina ndi kamwedwe, pamodzi ndi buku la kuchipatala, m'kachikwama kamene kali pamiyendo pa woperekeza. Tengani okwanira masiku a ulendo n'kuwonjezerapo a sabata imodzi, chifukwa maliro amatalika ndipo galimoto zimafa. Makolo ena ali pa ma ARV ndipo sanauze ana onse. Musafufuze m'chikwama mwawo pagulu, ingowafunsani pambali ngati atenga mankhwala awo onse.

A BP asadumphe mankhwala chifukwa cha ulendo. Alipo mapiritsi okodzetsa, monga HCT ndi Lasix, amene okalamba amawasiya dala tsiku la ulendo poopa manyazi aja. Funsani kuchipatala masiku angapo ulendo usanafike ngati nthawi yomwera ingasunthidwe tsiku limenelo. Musagamule nokha.

A shuga ndiye samalani koposa. Munthu wamwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide kapena wabaya insulin m'mawa, inu n'kumuuza kuti tikadya tikafika. Pofika pa Thavite shuga watsika: thukuta lozizira, manja kunjenjemera, njala yoopsa, kukwiya popanda chifukwa, mawu osokonekera. Ena mumayesa kuti agogo ayamba matukutuku, pamene munthu ali pafupi kukomoka. Ngati akutha kumeza, sungunulani masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi amwe, kapena theka la kapu ya Fanta kapena Sobo wosungunula. Pakatha mphindi 15 ngati sanasinthe, bwerezani, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali n'kulunjika kuchipatala chapafupi. Insulin salola kutentha. Musamuike padashibodi kapena m'buti. Mukulungeni m'kansalu konyowa pamthunzi, kapena m'kabokosi kozizira koma asakhudzane ndi ayezi. Makolo athu Achisilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadan, chipembedzo chimalola wodwala ndi wapaulendo kumasula n'kudzabweza masikuwo. Akambirane ndi shehe ndi dokotala ulendo usanafike.

Chakudya chichoke kunyumba. Phala m'mawa asananyamuke, ndipo panjira nthochi, mbatata yophika, mazira owiritsa, buledi, tiyi wa m'fulasiki. Tchipisi cha pachiwaya, kanyenya ndi thobwa la m'botolo losadziwika kumene latsukidwa, mimba ya mnyamata ingapirire koma ya nkhalamba ayi. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kuno kunyanja sitinamumve pa wailesi pokha. Nyamulani mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osati m'kapu.

Mpando wabwino kwa wokalamba ndi wakutsogolo, wokankhidwira m'mbuyo kuti miyendo itambasuke, ndi kapilo kumsana. Ulemu woti apongozi akhale kumbuyo ndi wabwino, koma kukhale kumbuyo kopanda katundu. Lamba amange, wam'munsi adutse pamafupa a m'chiuno osati pamimba, wam'mwamba paphewa osati pakhosi. Polowa, ayambe akhala pampando atafulatira, kenako miyendo ilowe umodzi umodzi. Potsika, atulutse miyendo, akhale kaye mphindi imodzi, ndiyeno aimirire mutawagwira. Munthu wakhala nthawi yaitali akadzuka mwadzidzidzi magazi sathamangira kumutu msanga, amachita chidima n'kugwa, ndipo fupa la m'chiuno la nkhalamba likathyoka ambiri sayendanso ngati kale. Musawakoke mikono. Ndodo yawo, magalasi ndi nsapato zogwira phazi zikhale pafupi, patapata pa ulendo ayi. Ndipo inu amene mumawasiya m'galimoto yotseka mawindo padzuwa, muli mu banki kapena mukutsatsana mtengo wa chambo pa Chia, lekani lero lomwe.

Opanda galimoto yanuyanu tikudziwa kuti ndalama ndi yovuta. Komabe ngati n'kotheka lipirani mipando iwiri, kapena pemphani wakutsogolo, m'malo mowapanikiza anayi anayi mu Sienta. Uzani dalaivala musanakwere kuti muli ndi wodwala. Pa njinga yamoto ya kabaza musakweze nkhalamba ya chizungulire yokha. Amene ayamba kuiwalaiwala, alembereni pepala la dzina lawo, mudzi ndi nambala ya foni yanu, likhale m'thumba mwawo, ndipo mu depoti ya ku Lilongwe musawasiye okha ngakhale mphindi imodzi.

Galimoto muione dzulo lake, osati agogo atakwera kale: mpweya wa matayala ndi sipeya yomwe, jeki, sipanala, madzi ndi oyilo wa injini, mabuleki, magetsi. Mafuta thirani okwanira, musadalire kuti mukapeza panjira. Nyamukani kutacha koma dzuwa lisanapse, kuti mufike kusanade. Usiku M5 imadzaza ndi njinga zopanda nyali, ziweto, ndi malole ofera pamsewu amene chizindikiro chake ndi nthambi zokha, kuwonjezera maenje ndi milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi. Nyengo ya mvula funsani kaye ngati milatho ili bwino. Kuthamanga si kufika. Juzi ndi mpango musaiwale: munthu wozolowera kutentha kwa kunyanja akakwera ku Dowa, ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi, mphepo imamulowa msanga.

Ngati ulendo ndi wa kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kapena kwa a maso ku Nkhoma kukachotsa ng'ala, tengani kalata yotumizira ngati anakupatsani, ndipo tsimikizani tsiku la kiliniki yawo musanawononge ndalama. Panjira mukaona pakamwa papotokera mbali imodzi, dzanja limodzi lalefuka, mawu akutuluka olemera, imeneyo ndi sitiroko. Onani nthawi imene zayambira, musawapatse chakudya kapena madzi, ndipo khotani kulowa chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi cha boma pa Salima, kaya pa Nkhotakota. Musapitirize ulendo poti Lilongwe yatsala pang'ono.

Chomaliza ndi ichi chopita ndi kubwerera tsiku lomwelo kuti musajombe kuntchito. Makilomita 400 pa tsiku limodzi inu mungathe, iwo ayi. Konzani pogona. Mukafika asambe, adye chofewa, amwe mankhwala pa nthawi yake, agone miyendo itakwezedwa. Pamaliro musawagoneke panja pamphepo usiku wonse, apezereni malo m'nyumba. M'mawa mwake, ndi masiku angapo otsatira, yang'anani miyendo yonse iwiri ngati ikufanana kukula, funsani ngati mkodzo ukutuluka bwino, ndipo tsiku lobwerera alitchule okha.