Simunaonere nkhonyazo, mukugamula bwanji?

Dzulo kometetsa tsitsi ku Mbare muno mu Harare, chapafupi ndi Stodart Hall, ndinachita kupsa mtima. Mkulu wina wa kwathu, mutu uli mbuu ndi imvi, anatsekereza aliyense pakamwa n'kumakuwa kuti Tyson Fury anamubera pa nkhonya za ku Riyadh, ku Saudi Arabia, malamba onse aja anayenera kukhala ake osati a Oleksandr Usyk. Ndinawafunsa mwaulemu ndithu: "Madala, maraundi onse 12 munawaonera?" Iwo osachita ndi manyazi omwe: "Ayi mwana wanga, kwathu magetsi kunalibe, koma mdzukulu wanga ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp."

Kavidiyo! Nkhonya za mphindi 36, munthu waona kachidutswa kosakwana mphindi imodzi, basi wasanduka woweruza. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ine usiku wa pa 18 Meyi 2024 sindinagone. Tinasonkherana dola dola ya mafuta a jenereta, tinakhala pa makireti mpaka pakati pa usiku kudutsa, kuzizira kukuluma m'miyendo. Fury m'maraundi apakati ankachita bwino, sindikana, ankavina, manja kumbuyo, kumugogoda mnzake m'mimba. Koma nanga raundi 9? Usyk anamupeza ndi chamanzere, chimunthu chonse chija n'kuyamba kudzandira ngati wachoka ku kachasu, chingwe ichi, chingwe icho. Pakanapanda zingwe akanagona pansi, ndipo lamulo limati zingwe zikakugwira kuti usagwe, wagwa. Refa anamuwerengera. Raundi imeneyo inalembedwa 10-8 mokomera Usyk m'malo mwa 10-9, poti kugwako kunamudyera Fury poyinti.

Tsono tamverani manambala, poti enanu mumadana nawo. Woweruza mmodzi anapatsa Usyk 115-112, wina anapatsa Fury 114-113, wachitatu Usyk 114-113. Poyinti imodzi yokha. Raundi ija ikanakhala 10-9, pepala lachitatulo likanathera 114-114, n'kukhala kuti palibe wopambana. Kuba kuli pati pamenepa? Munthu wagwa yekha pamaso pa dziko lonse, wataya poyinti, inu mukuti amubera. Amubera ndani, miyendo yake?

Nkhonya amawerengera raundi ndi raundi. Sawerengera kutalika, sawerengera phokoso la pakamwa, sawerengera kuti munthuyo mumamukonda chifukwa amayimba akapambana. Raundi iliyonse imalembedwa payokha, ikatha yatha. Ndiye amene sanaione sangaigamule. Kaya ndinu wamkulu, kaya munaonapo katswiri wa nkhonya Langton Tinago akumenya muno mu Harare kalekale, ulemu wanu tikupatsani, koma raundi yomwe simunaione musaiyikire mlomo. Mwina ndi data yodula, mwina ndi tulo, zimenezo n'zanu.

Chinandinyansa kwambiri n'chakuti anthu onse mometeramo ankangogwedeza mitu, "eya madala, eya madala," wometayo mpaka kuimitsa makina kuti amvetsere bwino, ine mutu uli theka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbutsa kuti Fury ndi Usyk anabwerezanso mu Disembala chaka chomwecho, oweruza onse atatu n'kulemba 116-112, Usyk. Kumenekonso anamubera? Kawiri konse?

Ndipo enanu ndikukudziwani. Si Fury amene mukumulira, mukulira madola anu amene munasiya kobetcha. Nenani zoona kuti ndalama ya ndiwo inapita, tikupepeseni.

Komanso mundiuze, mkwiyo wonsewu unali kuti mu 2013 pamene Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, anakalimbana ndi Tony Bellew kwawo kwa Bellew ku Liverpool oweruza n'kunena kuti afanana mphamvu? Pamenepo ndiye panali poyenera kukangana mpaka kusasa mawu. Ndinawafunsa madala aja za Chilemba. Akuti, "Ameneyo amasewera timu yanji?"